Kuperekeza Twaibu Kuchokera ku Kahawa

Twaibu sindinkamudziwa bwino ali moyo. Ndinamuonapo kamodzi kokha, pa phwando limene Amalawi a mu Nairobi timachita chaka ndi chaka kuti tidye pamodzi ndi kujedana. Iye anakhala chakumapeto ndi mkazi wake, akudya mpunga ndi nyemba poti anali Msilamu ndipo sankadziwa amene anazinga mbuzi. Ankaphunzira za ulimi wothirira pa yunivesite ya ku Kahawa. Tsiku limene anatisiya, njinga yamoto imene anakwera inawombedwa ndi matatu, minibasi ya kumeneko, pa msewu wa ku Thika, ndipo uthenga unayamba kufika kwa ine chifukwa ndine mlembi wa komiti yathu ya zachisoni. Udindo umenewu palibe amaulimbirana. Anandipatsa ine poti ndili ndi pakamwa, ndipo m'maofesi a za maliro munthu wofatsa amangouzidwa kuti abwere mawa.

Anzake a Twaibu a kumzikiti anali atachita kale mbali yawo. Anasambitsa thupi, analikulunga mu sanda, n'kunena kuti malo kumanda kwawo alipo, aikidwe dzuwa lisanalowe monga amachitira Asilamu. Ife a komiti, tonse Akhristu, tinamva ngati chipongwe. Mmalawi kuikidwa kuchilendo ngati alibe kwawo? Koma amene anadula nkhani si ife ayi. Anali amayi ake, abiti Saidi, a m'mudzi wina kuseri kwa Ntaja. Pa foni sananene zambiri: mwana wawo abwere, adzagone pafupi ndi bambo ake.

Tinakumana ku Muthaiga, kunyumba kwa wapampando wathu, kumene mlonda amakufunsa dzina kawiri usanaone ndi khomo lomwe. Za ndege tinazisiya msanga, mtengo wake unali utakwera limodzi ndi mafuta. Tinagwirizana zopeza galimoto ya maliro yodzera pansi, ndipo poti namfedwa anali mzimayi, woperekeza anayeneranso kukhala mzimayi. Onse anayang'ana ine.

Zainabu, mkazi wa malemuyo, anali atakhala pakona ya sofa. Kenaka analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Pepani akuluakulu, pali chimodzi. Alamu anga akhoza kukana kuti aikidwe kumanda a kumudzi."

Wapampando anamwetulira mwachifundo n'kunena kuti chisoni chimalankhulitsa zambiri, maliro sakanidwa. Zainabu anafotokoza kuti Twaibu anali Mshiya, anaphunzirapo ku Iran asanabwere ku Kenya, pomwe mkulu wake, Che Dauda, ndi Msuni, anaphunzira ku Saudi Arabia ndipo ndiye shehe wa mzikiti wa m'mudzimo. Abale awiriwa anali atasiya kalekale kudyera mbale imodzi.

"Aaa, mwana wanga, Msilamu ndi Msilamu basi," anatero wapampando. "Ife a mipingo yosiyanasiyana timaikana bwinobwino."

Mawu awiri amenewo, Suni ndi Shiya, ndimawamva tsiku ndi tsiku kuntchito. Ndimagwira ku bungwe lina lotumiza chakudya kumayiko a nkhondo, ndipo gawo langa ndi la Yemen. Pakhoma la ofesi yanga pali mapu: mbali iyi ikuthandizidwa ndi Saudi, mbali iyo ndi Iran, kumbuyo kuli mayiko a azungu ogulitsa zida ndi kulondera sitima za mafuta, ndipo pakati pali ana amene ndimawatumizira ufa. Koma ndinkaona ngati zimenezo zimathera pa mapu pomwepo. Sindinaganize kuti zingafike ku Ntaja, kumene basi yomwe imafika monyinyirika.

Tsiku loti mawa tinyamuka ndinapita ndi Zainabu ku Eastleigh kukagula lubani ndi mafuta onunkhira othira m'bokosi. Kumeneko munthu umayenda chammbali, ngolo za katundu zikukupsinja uku, matatu akukuliza hutala uko. Mwini shopu anali bambo wa ku Yemen, wa imvi, amene anathawa nkhondo yomwe ija ya pa mapu anga. Atamva kutalika kwa ulendo anapukusa mutu. Anati dothi ndi limodzi, timuike munthuyo apume, iye bambo ake anawasiya pansi pa nyumba yogumuka ndipo mpaka lero sadziwa ndege ya yani inaponya. Ndinamuyankha mwachidule kuti kwathu sitichita choncho. Ndinatuluka m'shopumo ndikudziona wolondola kwambiri.

Tinanyamuka mmawa. Dalaivala anali Mkenya, dzina lake Mwangi, bambo wonenepa wosakonda zolankhula. Galimoto yake inali minibasi yochotsedwa mipando yakumbuyo. Bokosi linali lomata ndi malata mkati monga amafunira a m'malire, ndipo thupi anali atalibaya mankhwala, chinthu chimene Zainabu anavomera akulira poti chipembedzo chawo sichikondwera nacho. Amayi a komiti anabweretsa nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala. Zainabu anathokoza, anadikira kuti tikhote, n'kuichotsa pabokosi kuiika pansi pa mpando.

Tinadzera ku Kahawa kukatenga katundu wawo, m'kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu. Zonse zinakwana m'masutikesi awiri ndi katoni ya mabuku. Mwini nyumba anatiperekeza mpaka pa geti akubwereza mawu opepesa a m'Chiswahili akuti "pole, mama, pole". Kenaka Nairobi anatigwira mwendo monga amachitira. Kuchoka pa Kahawa kukafika ku Athi River tinayenda ngati tikukankha wilibala, ogulitsa madzi ndi machaja akusuzumira pawindo, akaona bokosi n'kubwerera chambuyo. Mwangi anatsegula wailesi ya nyimbo za kutchalitchi, anayang'ana Zainabu pagalasi, n'kuitseka yekha.

Pa Namanga, malire a Kenya ndi Tanzania, tinadikira wa zaumoyo kuti aone bokosi. Patsogolo pathu panali mabasi awiri odzaza amalonda, aliyense ndi mitolo yake yoti imasulidwe, ndiye tinangopeza mthunzi. Kudikira kwa pamalire kuli ndi fungo lakelake: fumbi, nyama yowotcha ndi utsi wa malole osazimitsa injini. Osintha ndalama ankatizungulira ngati ntchentche. Ndinagula tiyi wamkaka, Zainabu anangomugwira m'manja mpaka anazizira. Pamenepo ndi pomwe anaimbira alamu ake koyamba kuwauza kuti tanyamuka. Yankho ndinalimva lonse poti linali lalifupi. Anati bwerani, tidzaona mukafika. Ine ndinamuuza Zainabu kuti ameneyo wavomera koma akuchita manyazi, chibale ndi fupa sichiola. Anandiyang'ana mmene ndimayang'anira ine azungu atsopano kuofesi akamanena kuti nkhondo itha chaka chino.

Arusha tinangodutsa, mapiri awo otchukawo atabisala m'mitambo, ndipo sindinadandaule. Tinagona ku Babati. Mwangi anagona m'galimoto ndi malemu, anati anazolowera ndipo akufa savuta ngati amoyo. Mawa lake, titayandikira Kondoa, lamba wa injini anaduka. Mwangi anaimika galimoto pansi pa mlambe n'kukwera njinga yamoto kukasaka lamba m'tauni. Anabwerako dzuwa lili paliwombo, ndi lamba wosakwana. Anatukwana m'chinenero chake n'kubwereranso.

Chapafupi panali kamzikiti kopaka laimu, ndipo nthawi ya swala, mapemphero awo, itakwana Zainabu analowa mbali ya azimayi. Ine ndinakhala pakhonde ndikuona pakhomo. Anzake onse anapinda manja pachifuwa, iye anawasiya m'mbali. Pogwada anatulutsa kadothi kouma, kukula ngati bisiketi, n'kuikapo chipumi. Palibe anamulankhula. Koma mayi amene anali pambali pake anakoka mkeka wake pang'ono, n'kukokanso mwana wake wamkazi. Atatuluka ndinamufunsa ngati kusiyana kwake n'komweko, manja ndi kadothi. Anati kulipo kwina, nkhani za amene anayenera kutsogolera Asilamu Mtumiki wawo atamwalira, koma kumudzi ndi ochepa angazifotokoze mpaka kumapeto. Chimene anthu amaona ndi manja.

Pansi pa mlambe paja anandiuza za abale awiriwa. Bambo awo anamwalira onse ali kusekondale, fizi n'kusowa. Dauda anatengedwa ndi bungwe la Aarabu limene linkamanga mizikiti ndi kukumba mijigo m'dera lawo, ndipo linamutumiza ku Saudi. Twaibu anatsala pakhomo akugulitsa makala pa njinga, mpaka anamva za sukulu yaulere m'tauni, ya anthu a ku Iran. Anapita chifukwa kunali chakudya ndi mabuku.

"Anti, akanakhala kuti tsiku limenelo anabwera a ku Saudi, akanapita ku Saudi," anatero Zainabu. "Chikhulupiriro chinabwera pambuyo. Koma chitabwera chinali chake ndithu."

Onse atabwerako kumaphunziro anayamba ndi kutsutsana pakhonde ngati masewera, amayi awo akuseka kuti abereka maloya. Kenaka Dauda anayamba kulalikira za Ashiya pa swala ya Lachisanu. Dzina sankatchula, koma m'mudzi wa banja limodzi la Chishiya dzina silifunika. Anthu anasiya kugula pa kawokala ka Zainabu. N'chifukwa chake Twaibu anafunafuna malo a sukulu kutali, mpaka anapeza ku Kenya.

Lamba wachiwiri anakwana, ndipo tinagona ku Dodoma. M'mapiri a pakati pa Dodoma ndi Iringa tinapeza mzere wa magalimoto utaima. Thanki ya petulo inali itagona chammbali pokhota msewu. Anthu ankatsika m'midzi ndi zidebe, mapoto, ngakhale maketulo, kuthamangira kukatunga, azimayi ena ali ndi ana kumbuyo. Mwangi anabweza galimoto mtunda wautali ndithu. Anati ananyamulapo mitembo ya pamalo ngati amenewo ndipo inkakwana m'katoni. Tinakhala padzuwa tikununkhiza petulo wobwera ndi mphepo, ine ndikupemphera kuti pasapezeke chitsiru cha fodya. Sichinapezeke. Koma ndinakwiya, osadziwa kuti ndikukwiyira yani. Mafuta amenewo anachokera komwe kumachokera ndalama za mizikiti ya abale awiri aja, ndipo apa anthu ankawakokolola m'fumbi ndi manja.

Iringa, Makambako, Mbeya, ndinkangoona mayina pa zikwangwani. Msana unali utauma, mapazi atatupa osalowanso mu nsapato. Tinafika pa malire a Kasumulu chipata atatseka kale, n'kugona pa nyumba ina ya alendo imene eni ake enieni anali nsikidzi. Mmawa tinaona mathanki a mafuta atandandalika kuchokera pa mlatho mpaka kumene maso amalekezera, madalaivala atayanika zovala pa magalasi. Mmodzi wa ku Balaka, atamva Chichewa, anabwera kudzapepesa maliro n'kutifunsa ngati tili ndi dizilo wokwanira. Anati kwathu mafuta kulibe, anthu akugona pa mizere. Dziko lilibe ndalama zakunja, ndipo mtengo ukungokwera poti sitima zikuopa mizinga pa Nyanja Yofiira, zikuzungulira kutali. Sitima zomwezo ndi zimene zimachedwetsa ufa wanga wa ku Yemen.

Tinagula zigubu za dizilo. Pamwamba pa galimoto panalibe pomanga, choncho zinalowa mkati, m'mbali mwa bokosi. Kuyambira pa Songwe Zainabu anayenda atakhala pakati pa mwamuna wake ndi zigubu, ataphimba mphuno ndi mpango. Ndinamupempha tisinthane malo, anakana. Ku Karonga kunkatentha ngati mu uvuni. Pansi pa fungo la dizilo ndinayamba kumva kafungo kena, kapena ndinkangoganiza, sindinafunse munthu. Ndinangoona Mwangi akutsegula mawindo onse.

Titakwera Chiweta n'kufika ku Mzuzu, foni ya Zainabu inalira. Anali Che Dauda. Zainabu anamvetsera, kenaka foni inatsikira pamiyendo. Akuluakulu a mzikiti anali atakumana. Jeneza la mzikiti, machira onyamulira maliro aja, silituluka. Shehe sapempherera. Ndipo kumanda kumene kuli bambo ake kulibe malo a munthu amene anasiya njira.

Ndinalanda foni. Sindibwereza zonse zimene ndinanena, zina sizoyenera mayi wovala yunifolomu ya mpingo. Ndinamufunsa ngati iye anayamwa bere lina. Ndinamuuza kuti tadutsa mayiko ndi mng'ono wake, ndipo ngati akufuna timutaye pamsewu anene. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Ndinkayembekeza mawu aukali, koma ndinamva mawu a munthu wotopa.

"Mayi, mjigo umene amayi anga amatungapo madzi mukudziwa anakumba ndani? Phala la ana a kumadarasa, malata a pa mzikiti, ufa wa pa Ramadani? Eni ake a thandizolo anamva kale kuti ndili ndi m'bale wa ku Iran, ndipo amandifunsa. Mudzi wina kuno shehe anangokhala nawo pa mwambo wa anthu amenewo, thandizo silinabwerenso. Inu mubwerera ku Nairobi."

Ndinamufunsa ngati iye mwini amakhulupirira kuti mng'ono wake ndi wotayika. Anati inde, ndipo n'chimene chikumuwawa. Kenaka anati pali khomo limodzi limene wapempha kwa akuluakulu. Zainabu akaime pamaso pawo n'kuchitira umboni kuti Twaibu analapa asanamwalire, anabwerera ku njira ya makolo. Akatero manda atseguka, ndipo iye mwini atsogolera swala.

Ine ndinaona ngati Mulungu wayankha. Kuchokera pa Mzuzu mpaka ku Jenda ndinamuumiriza Zainabu ngati wogulitsa mankhwala a m'basi. Ndinati mawu sapha munthu, malemu samva, ndipo palibe wa ku Ntaja adzapite ku Nairobi kukafufuza. Ndinati aganize za apongozi ake. Ndinati Mulungu wake ndi wanga amadziwa bodza lopulumutsa. Iye anangoyang'ana bokosi. Titatsala pang'ono kulowa Kasungu ndi pomwe anandiyankha.

"Anti, anamutchula galu pa mzikiti, sanabwerere. Anasiya kwawo chifukwa cha zimenezi. Ndiye lero poti sangathe kulankhula, ndimubweze ine?"

Sindinavomereze. Ndinali nditatopa, ndinkafuna munthuyo alowe m'dothi ine ndibwerere kwa ana anga. Tinagona ku Kasungu osayankhulana.

Msewu wonse wa ku Lilongwe ndi Dedza, pa malo aliwonse omwetsera mafuta panali mizere ya magalimoto, eni ake atagona pansi pa mitengo. Zigubu zathu zinathera ku Ntcheu, ndipo tinafika pa Balaka singano ya mafuta itagona. Panali malo amodzi pamene thanki inali itangotsitsa kumene. Mzere wake unakhota mpaka kuseri kwa msika, pa pampu anthu akukankhana ndi kutukwanizana. Ndinatsika ndisakudziwa choti ndikanene, ndipo sindinanene chilichonse. Bambo wina wa kabaza anasuzumira pawindo, anavula chipewa, n'kuuza anzake kuti kuli zovuta. Mawuwo anayenda okha mpaka kutsogolo. Phokoso linatha, magalimoto anayamba kupatuka imodziimodzi, ndipo injini itatizimira anthu anatikankha mpaka pa pampu. Palibe anafunsa kuti womwalirayo ankapemphera bwanji. Apo ndi pomwe ndinalira koyamba paulendo wonsewo, ndipo ndinalira ndi mkwiyo womwe.

Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinapitirira Ntaja, n'kukhotera msewu wafumbi. Mzikiti wa m'mudzimo unkaonekera patali, wobiriwira, wa malata atsopano, mjigo uli pambali. Pa siwa panali azimayi okhaokha. Amuna anali pansi pa mitengo ya mango kutsidya kwa msewu, manja kumbuyo, kuonerera ngati ndi maliro a mudzi wina. Bokosi anatsitsa Mwangi ndi azibambo angapo achikhristu a mudzi woyandikana, amene anabwera poti maliro n'kulirana. Wachibale wamwamuna amene anatilandira anali mmodzi, amalume a malemu, nkhalamba yoyendera ndodo.

Tisanapume panafika pikapu yochokera m'tauni, itamangidwa mbendera yakuda. Anali Ashiya anzake a malemu. Analankhula mwaulemu: amva zimene zachitika, ali ndi manda awo, amutenga m'bale wawo akamuike mwaulemerero, ndipo dziko lonse lidziwe mmene Ashiya akuzunzikira kuno. Mawu omalizawo sanandisangalatse. Ndinawaona ngati anthu amene apeza nkhani yabwino yokauza owatuma. Amuna a kutsidya aja anayamba kuyandikira, mawu anakwera, ndipo kwa kanthawi ndinaopa kuti bokosi likokedwa uku ndi uku.

Mkulu wina wa mzikiti anakweza dzanja n'kuitana Zainabu. Che Dauda panalibe. Mkuluyo anafunsa funso lake pamaso pa onse, azimayi a pa siwa atasiya kulira kuti amve. Ine ndinamutsina Zainabu pa mkono, sindibisa. Anachotsa mkonowo pang'onopang'ono.

"Anamwalira momwe anakhalira," anatero.

Mkuluyo anatambasula manja ngati wonena kuti mwadzimvera nokha, n'kubwerera kumango. Ndinayang'ana pakhomo la nyumba ndi mantha, poti abiti Saidi anali atatuluka ndipo anamva zonse. Anali mayi wochepa thupi, maso ali psuu. Anamuyang'ana mpongozi wawo nthawi yaitali, ndipo sindinathe kudziwa ngati akumuda kapena ayi. Kenaka analankhula m'Chiyao, Zainabu akundinong'oneza. Anauza a pikapu kuti zikomo, koma mwana wawo wayenda mokwanira. Anauza a mzikiti kuti manda awo asunge. Atatero analoza munda wawo wa chinangwa kuseri kwa nyumba.

"Mundawu sanandipatse Mwarabu wa uku kapena wa uko. Kumbani umo."

A pikapu anadandaula kuti munthu wophunzira saikidwa m'chinangwa, ndipo ataona kuti gogoyo sasuntha anakwera galimoto yawo n'kupita. Amene anakumba ndi Akhristu aja, Mwangi atavula shati akuthandiza. Anazula chinangwa chosakhwima n'kukumba dzenje loongoka, la bokosi, monga amakumbira kwawo. Amalume ankayesa kuwafotokozera kuti Msilamu salowa ndi bokosi, pamafunika kachipinda cham'mbali pansi pa dzenjelo, kumene thupi limagona dothi osaligwera. Koma mawu awo anali ochepa, ndipo okumbawo ankangogumula khoma.

Pamenepo panatulukira munthu wamtali wa mkanjo woyera, ndipo sindinafunse kuti ndi ndani poti nkhope inali ya Twaibu. Sanadzere pa siwa, anadzera kuseri, m'mizere ya chinangwa. Sanapereke moni kwa aliyense, ngakhale kwa amayi ake. Anavula mkanjo n'kuupachika pa mtengo, analanda khasu, analumphira m'dzenje. Anasema kachipindako mofatsa, n'kusalaza pansi ndi manja. Atamaliza anagonamo yekha chammbali kuti ayeze, poti iye ndi mng'ono wake anali a msinkhu umodzi. Abiti Saidi anatembenuka kuyang'ana kumbali mpaka atadzuka.

Azimayi achisilamu sapita kumanda, amatsalira pa siwa. Koma uwu unali munda, ndipo palibe anapeza mawu oletsera mayi kuima m'munda mwake. Abiti Saidi anaima kumutu kwa dzenje, Zainabu pambali pawo, ine kumbuyo. Bokosi analitsegula ndi chitsulo chomasulira matayala. Za fungo sindinena. Amalume anaima patsogolo n'kupemphera ndi amuna awiri atatu amene anawoloka msewu mwamanyazi. Che Dauda sanatuluke kukaima pa mzere wa swala. Anadikira m'dzenje momwemo, dothi lili m'ndevu, ndipo swala itatha anatambasula manja kulandira mng'ono wake. Anamugoneka, anamasula mfundo za sanda, anamutembenuzira nkhope ku Maka kumene Asilamu amayang'ana popemphera, milomo ya shehe mwiniyo ili yotseka.

Foni yanga inali ikunjenjemera m'chikwama, a ku Nairobi akufunsa ngati mwambo wayenda bwino. Ndinaitulutsa kuti ndijambule, aone okha kuti munthu wawo wafika. Che Dauda anadzutsa mutu ali m'dzenjemo, misozi italemba mizere pa fumbi la kumaso. Anayang'ana foniyo, kenaka anayang'ana chakumzikiti.

"Mayi, chonde musajambule," anatero. "Ine pano sindinabwere."